Pulogalamu yaulere nayo ili ndi woisamalira, ndipo watopa

Mtundu watsopano wa pulogalamu ya sayansi ukatuluka, umabwera ndi kalata yofotokoza zomwe zasintha. Ambiri saiwerenga. Koma amene anawerengapo kalata yotere ya PlasmaPy, pulogalamu ya Python imene ofufuza za plasma amagwiritsa ntchito, akudziwa kuti zatsopano zenizeni sizichuluka. Mizere yambiri imanena za kukonza: apa tachotsa cholakwika, apa tasiya kuthandiza Python yakale, apa tasintha dzina chifukwa linkasokoneza anthu, apa talembanso malangizo kuti amveke. Buku la Nadia Eghbal, Working in Public: The Making and Maintenance of Open Source Software, lomwe kampani ya Stripe Press inasindikiza mu 2020, likukamba za anthu amene amagwira ntchito yosaonekayi. Likufunsa funso limene ife olandira zaulere sitikonda kufunsa: kodi anthu amenewa zikuwayendera bwanji?

Kuno ku Mzuzu mabuku otere amatifika mochedwa, koma kuchedwa kwa ili sikunalilande kanthu. Zimene zachitika chilitulukire zangoliikira umboni.

Eghbal sakulemba za plasma, ndipo ndiyenera kufotokoza chifukwa chimene ndaliwerengera bukuli ndili ndi plasma m'maganizo. Plasma ndi mpweya umene ma atomu ake ataya ena mwa ma elekitironi awo, kotero umadutsitsa magetsi ndi kumvera maginito. Dzuwa ndi plasma. Mphezi imene imang'anima pa Kaning'ina m'nyengo ya dzinja ndi plasma. Kuwala kothobwa m'maso kumene owotcherera zitsulo ku Luwinga amadzitchinjiriza nako ndi galasi lakuda, nakonso ndi plasma. Ndiye pamwamba pathu, kuyambira makilomita pafupifupi 60 kukwera m'mwamba, pali chigawo cha mlengalenga chotchedwa ionosphere, chimene chinkabweza mafunde a shortwave kuti makolo athu amve Channel Africa m'Chinyanja kuchokera ku South Africa, ndipo lero chikavunduka chimasokoneza GPS ya woyeza malo.

Tiyerekeze wophunzira fizikisi pa Mzuzu University ali ndi laputopu yakale ndi bandulo ya usiku. Waika PlasmaPy. Walemba kuti m'kiyubiki mita imodzi ya ionosphere muli ma elekitironi thiriliyoni imodzi, ndipo kutentha kwake ndi ma kelvin 1,000. Pa mizere itatu kapena inayi wapeza kuti plasma imeneyo imabweza mafunde ofika pafupifupi ma megahertz 9, ndiponso kuti mtunda wa Debye, umene mphamvu ya kachidutswa kamodzi ka magetsi imamveka isanaphimbidwe ndi anzake, ndi mamilimita awiri okha. Akaiwala kunena kuti 1,000 uja ndi ma kelvin, pulogalamu imamuchenjeza. Akaika mamita pamene pafunika kutentha, imakaniratu. Kuchenjezako si mwangozi. Kwatsamira pa pulogalamu ina, Astropy, imene akatswiri a zakuthambo anamanga, ndipo Astropy nayo yatsamira pa NumPy. Wophunzira wathu sanalipire khobidi, koma pansi pa mizere yake inayi pali ntchito ya anthu a m'maiko ambiri ya zaka zoposa khumi. Ndipo Astropy ndi chimodzi mwa zitsanzo zimene Eghbal wagwiritsa ntchito m'buku lake.

Wolembayu si mlendo pa nkhaniyi. Mu 2016 analemba lipoti la bungwe la Ford Foundation, Roads and Bridges, kenako anakagwira ntchito ku GitHub, kumene khodi yambiri ya open source, yotseguka kwa aliyense, imasungidwa. Lipoti lija linatuluka dziko lisanaiwale vuto la Heartbleed la mu 2014, pamene zinadziwika kuti OpenSSL, pulogalamu yoteteza zinsinsi pa mawebusaiti ochuluka zedi, inkalandira zopereka zokwana madola pafupifupi 2,000 pa chaka ndipo inali ndi munthu mmodzi yekha woigwirira ntchito tsiku lonse. Nthawi imeneyo yankho linkaoneka lapafupi: pezani ndalama, itanani anthu ambiri adzathandize. M'buku ili Eghbal wabwerera ku yankho lachiwirilo n'kulikayikira.

Timati mutu umodzi susenza denga, ndipo open source yakhala ikudzitamandira ndi nzeru yomweyo, kuti pamene pali maso ambiri cholakwika sichibisala. Eghbal wakayang'ana manambala n'kupeza kuti m'mapulogalamu ambiri otchuka denga lasenzedwa ndi mitu iwiri kapena itatu basi. Akutchula Bootstrap, imene mawebusaiti osawerengeka amangidwa nayo, koma gawo lalikulu kwambiri la zosintha zake linalembedwa ndi anthu atatu. Akutchulanso kafukufuku woonetsa kuti pafupifupi theka la anthu amene amathandizapo pa mapulogalamu otchuka a pa GitHub amabwera kamodzi kokha osabweranso. Amasiya chigamba chawo n'kupita, ndipo wotsala ndi amene adzachisamale zaka zikubwerazo.

Pofuna kuti zimveke, wagawa mapulogalamu m'magulu anayi potengera kuchuluka kwa ogwiritsa ntchito ndi kwa olemba. Pali chitaganya, monga Linux kapena Rust, kumene onse awiri ndi ambiri ndipo pamafunika makomiti. Pali kalabu, kumene ogwiritsa ntchito ndi ochepa koma ambiri mwa iwo ndi olembanso; Astropy waiika apa. Pali sitediyamu, kumene munthu mmodzi kapena awiri ali pakati pa bwalo ndipo chikhamu chikuonerera, kukuwa ndi kupempha. Ndiye pali chidole, kapulogalamu ka munthu payekha kamene sikanadziwike. Mtima wa bukuli uli pa sitediyamu, ndipo apa ndi pamene lalemba mwamphamvu koposa.

Mfundo yake ndi iyi. Khodi ikalembedwa, anthu miliyoni angaitenge osaichepetsa. Chimene chimatha ndi nthawi ndi mtima wa woisamalira. Funso lililonse, dandaulo lililonse, chigamba chilichonse chimafuna kuti munthu achiwerenge, achiyese, ayankhe. Choncho pulogalamu ikatchuka, mwini wake amasiya kulemba n'kukhala woyankha makalata, ndipo sapeza ulemu umene ankapeza poyambitsa chinthu chatsopano. Eghbal akusimba nkhani ya Dominic Tarr, amene mu 2018 anapereka kapulogalamu kake ka event-stream kwa mlendo wodzipereka chifukwa iye anali atasiya kale kukagwiritsa ntchito. Mlendoyo anabisamo khodi yoba ndalama za bitcoin. Bukuli litatuluka, zomwezo zinabwerezeka mokulirapo: mu Malichi 2024 injiniya Andres Freund anaona kuti kulowa pa kompyuta ina kukuchedwa ndi theka la sekondi, atafufuza anapeza khomo lobisika mu xz, pulogalamu imene ili pafupifupi mu Linux iliyonse. Woibisayo anatenga zaka akudzionetsa wothandiza kwa wosamalira mmodzi yemwe anali atatopa. Munthu wowerenga Eghbal sakanadabwa nazo.

Chaputala chonena za ntchito imene pulogalamu imafuna ikamakalamba ndi chimene ndikanakonda aliyense wosainira bajeti m'dziko muno atawerenga. Pulogalamu siikhala chikhalire, chifukwa zimene yatsamirapo zimasuntha. Python 2 inasiya kusamalidwa pa 1 Januwale 2020. NumPy 2.0 inatuluka mu Juni 2024, ndipo mapulogalamu ambiri a sayansi anayenera kukonzedwa kuti agwirizane nayo. Ife Amalawi tikuidziwa nkhaniyi kudzera pa mjigo. Pampu ya Afridev, imene ili m'midzi yambiri, inayambira kuno ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo mapulani ake ndi a aliyense, palibe kampani imene ili nawo yokha. Koma tsiku lotsegulira mjigo kumabwera alendo ndi nyimbo, pamene tsiku limene labala yatha m'kati mwa paipi kumatsala komiti ya anthu ochepa kuyenda khomo ndi khomo kutolera ndalama. Dziko lathu latsamira kwambiri pa mapulogalamu otere. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa malipoti a zipatala ndi DHIS2, yochokera ku University of Oslo. Bungwe la Baobab Health Trust linamanga njira yosungira mbiri ya odwala pa mapulogalamu a open source. Malaibulale a mayunivesite angapo, kuphatikizapo ya Mzuzu University (Mzuni), amagwiritsa ntchito Koha, imene inabadwira ku New Zealand. Zonsezi timazitchula kuti zaulere, ndipo mawu amenewo amatigoneka tulo pa funso la amene adzazisamale ndalama za pulojekiti zikatha.

Tsopano pamene ndikusiyana naye. Mankhwala a Eghbal kwa wosamalira wotopa ndi oti achepetse khomo: khodi ikhale poyera kuti aliyense aione, koma si aliyense woyenera kuyankhidwa kapena kulowetsedwa. Akusiyanitsa zopereka zothandiza ndi zimene zimangodya nthawi ya mwini. Kwa munthu ali pakati pa sitediyamu ya JavaScript, uphungu umenewu ndi wachifundo ndipo ndikuuvomereza. Koma ndikauwerenga ndili ku Mzuzu mtima sukhala m'malo. Funso loyamba la wophunzira wathu uja lidzaoneka ndendende ngati lodya nthawi. Chingerezi chake chidzakhala cha m'kalasi, Python yake idzakhala yakale chifukwa kukoka yatsopano kumadya bandulo, ndipo mwina adzasowa kwa masiku atatu asanayankhe chifukwa magetsi anazima. Palibe mnzake m'khonde amene anagwiritsapo pulogalamuyo. Kwa wofufuza wa ku Princeton, khomo la pa GitHub ndi limodzi mwa makomo ambiri. Kwa uyu ndi lokhalo.

Bukuli silinakhalitse pa mafunso otere. Zitsanzo zake zambiri ndi za ku America ndi ku Ulaya, ndipo chakumapeto limatembenukira kwa anthu otchuka a pa YouTube, Twitch ndi Patreon, n'kuganiza kuti wolemba mapulogalamu angakhale ngati iwo, kulandira ndalama kuchokera kwa omukonda. Zinatheka kwa Evan You wa Vue.js. Sindikuona zikutheka kwa munthu wosamalira khodi yowerengera chipwirikiti cha plasma m'mphepete mwa tokamak (makina osungira plasma yotentha pogwiritsa ntchito maginito), amene ogwiritsa ntchito ake padziko lonse angakwane mu holo imodzi. Mapulogalamu a plasma pafupifupi onse ndi makalabu. BOUT++ inakulira ku University of York ndi ku Lawrence Livermore. WarpX ya ku Berkeley Lab inapata mphotho ya Gordon Bell mu 2022. PlasmaPy, imene mtundu wake woyamba unatuluka mu 2018, yakula ndi thandizo la National Science Foundation ya ku America. Amakhalira ndalama za kafukufuku za zaka zowerengeka ndi thukuta la ophunzira a PhD amene akamaliza amachoka. Ngakhale NumPy, imene sayansi yonse ya Python yaimapo, inadikira mpaka 2017 kuti ilandire thandizo lalikulu loyamba. Kalabu siidandaula ndi chikhamu. Imaopa kutha anthu. Eghbal akudziwa zimenezi ndipo wazitchula, koma wadutsapo msanga, pamene ineyo ndikanafuna chaputala chathunthu.

Komabe magulu ake anayi amatithandiza kuona pamene mwayi wathu uli. Popeza kalabu imafuna anthu, mlendo amene wabwera kudzakhala amalandiridwa. Sitidzamanga tokamak ku Choma kapena ku Dunduzu, ndipo khodi ya WarpX ngakhale ili yaulere, makina aakulu ngati Frontier amene inapambanira mphotho si aulere. Koma PlasmaPy imayenda pa laputopu, pulogalamu ya TORAX imene Google DeepMind inatulutsa poyera mu 2024 siifuna makina otero, ndipo ionosphere ya pamwamba pa Africa ikufunabe oifufuza ambiri. Wophunzira amene wakonza chitsanzo chosamveka m'malangizo, n'kubweranso mwezi wamawa kudzakonza china, dzina lake limalowa pa mndandanda wa olemba, ndipo pofunsira maphunziro apamwamba ali ndi chooneka chimene aliyense angatsegule. Chimene bukuli likumuphunzitsa ndi khalidwe lolowera: werenga kaye zimene ena anafunsa, fotokoza vuto lako moti wina alibwereze, usatumize chigamba chachikulu osafunsa, ndipo koposa zonse, bweranso.

Kwa akuluakulu a mayunivesite athu phunziro ndi lina. Pokweza mphunzitsi timawerenga mapepala amene wasindikiza. Amene wathera zaka akusamala seva ya laibulale kapena khodi imene anzake onse amagwiritsa ntchito alibe poilemba ntchitoyo. Kuyambira 2016 pali Journal of Open Source Software, imene imaunika pulogalamu ngati mmene amaunikira pepala, kotero njira yowerengera ntchitoyi ilipo kale. Mzuni inataya mabuku pafupifupi 45,000 pa moto wa mu Disembala 2015, ndipo aliyense mumzinda muno anaona chimene chatayika chifukwa utsi unaoneka. Pulogalamu yosowa woisamala imafa popanda utsi, ndipo ena amadzazindikira tsiku limene yakana kutseguka.

Kalembedwe ka Eghbal ndi kosavuta, ngakhale pakati pamalemera ndi mawu a zachuma pamene akukambirana maganizo a Elinor Ostrom pa chuma cha onse. Wosadziwa kulemba khodi adzalitsata ndithu, bola apirire chaputala choyamba chonena za mbiri ya GitHub. Amene bukuli lamuvuta kupeza ayambe ndi Roads and Bridges, lomwe Ford Foundation inaliika pa intaneti kwaulere, ndipo ndi lalifupi moti bandulo ya tsiku limodzi ikwana.