Chipululu Chozizira cha Albert Namatjira

Tikamva za chipululu timaganiza za mtundu umodzi, wofiira psuu, ndi dzuwa loswa mtengo. Zithunzi za Albert Namatjira, mmisiri wa fuko la Arrernte la pakati pa dziko la Australia, zimatsutsa maganizo amenewa. Iye anabadwa mu 1902 pa mishoni ya Hermannsburg. Utoto wamadzi anauzolowera mu 1936 akuperekeza wojambula wina, Rex Battarbee, ngati womuyendetsera ngamila, ndipo mu 1938 zithunzi zonse za pa chionetsero chake choyamba ku Melbourne zinagulidwa.

Taonani kaikidwe kake ka mitundu. Chapafupi pali dothi lofiirira ndi udzu wouma wachikasu, zotenthadi. Koma diso likamapita kutali mitundu imanka nizizira, mpaka mapiri a MacDonnell asanduka abuluu ndi apepo, monga amachitira Mulanje ukamuonera patali dzuwa litapendeka. Mpweya wa pakati pa iwe ndi phiri ndiwo umasintha mtunduwo, ndipo Namatjira ankaujambula mpweyawo ngati chinthu chogwirika. N'chifukwa chake chithunzi chake sichikuopseza. Chimangoti phee, ngati munthu wokhala pakhonde la kwawo.

Ndiye m'zithunzi zake muli mtengo wina, mbale wake wa bulugamu, wa khungwa loyera mbee. Kawirikawiri amauimika chakumbali, kutsogolo kwenikweni. Pa utoto wamadzi kuyera kumachokera ku pepala lenilenilo, malo amene wawasiya dala osapaka, ndipo dzanja likaphonya palibe kubweza. Pa thunthupo amangodutsapo ndi timithunzi totuwa ndi tapepo, mtengowo n'kukhala ndi thupi, makwinya ndi zipsera ngati gogo. Ine mtima wanga umatsalira pamenepa nthawi zonse.

Ena ankamunyoza kuti amangotengera kajambulidwe ka azungu, kuti zithunzi zake n'zokongoletsera makalendala basi. Sindigwirizana nawo. Burashi ndi pepala zinali zachilendo, inde, koma mlendo akaona dziko louma amajambula ludzu ndi imfa. Namatjira ankadziwa kumene kuli madzi, ndipo mitengo yobiriwira imene imandanda m'mbali mwa mtsinje wamchenga m'zithunzi zake imaloza komweko. Anthu saonekamo kwenikweni, komabe sumva kuti ndi dziko losiyidwa.

Boma linamupatsa ufulu wonse wa nzika mu 1957, m'dziko la makolo ake lomwe, ndipo anamwalira ku Alice Springs mu 1959. Phiri la Sonder analijambula mobwerezabwereza, nthawi iliyonse ndi buluu wina.