Aphunzitsi a m'munda wa kasakaniza

Ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje, kumene malo olima ndi ochepa, kuli amayi amene ndimawalemekeza ngati aphunzitsi ngakhale sanagwirepo choko. Mwana akamawatsata kumunda ndi kakhasu kake amaona chimanga, nandolo, nyemba ndi maungu zikukulira pamodzi, ndipo amauzidwa chifukwa chake. Amadziwiratu kumene nsima ndi ndiwo zimachokera.

Nandolo ndiye amandigometsa. Amakula mosapupuluma, osalimbana ndi chimanga. Mizu yake imalowa pansi kwambiri n'kumasula nthaka yolimba, ndipo masamba ake akayoyoka amabwezera chonde chimene chimanga chinadya. Chimanga chikalowa m'nkhokwe iye amatsalira m'munda, n'kudzapereka ndiwo nthawi yadzuwa, pamene zamasamba zayamba kusowa. Mitengo yake ndi nkhuni. Maungu nawo amayanga pansi, kusunga chinyezi ndi kupondereza udzu, kwinaku banja likuthyola nkhwani.

Amayiwa amaphunzitsanso kusankha mbewu, luso limene sindifuna kuti lizilale. Chimanga cha makolo chokhwima bwino, chodzaza mpaka kunsonga, amachipatula asanayambe kutonola. Amachipachika pamwamba pa moto kukhitchini kuti utsi uchitchinjirize kwa anankafumbwe mpaka mvula yodzalira itagwa.