Ulaliki Wopanda Khomo

Pamene Nyanja ya Cilwa inaphwa mu 1995, ndiponso mu 2018, tinamva alaliki ena kuno kwa Kawinga alikuti njala ya asodzi ndiyo mphotho ya zoipa zao, nalekera pomwepo. Ulaliki wotere tiukana, pakuti uopsa munthu osamuonetsa khomo lothawira.

Taonani buku la Yona. Nineve anapatsidwa masiku 40. Wofuna kukantha sachula tsiku. Mulungu anawerenga masikuwo kuti anthu aone nthawi ya kulapa. Analapadi, nakhululukidwa, wopsa mtima anatsala mlaliki yekha.

Abale, wopfuula kuti, Ng'ona! afuna kuti mwana abvuuke. Ticenjeze cotero, ife ocimwa anzao, kufikira wakumva apemphe cifundo.