Mawu oti "nyama" ndi otsutsana nawo

Funso lofuna mawu otsutsana ndi "nyama" limaoneka lapafupi, koma likhoza kugwetsa ambiri pa mayeso. Wophunzira amathamangira kulemba kuti "munthu" n'kupitirira. Yankholi limakhoza nthawi zina zokha, chifukwa mawuwa amasintha tanthauzo potengera amene akuyankhula ndi pamene waima.

Tiyambire pamkeka. Mayi wa kwa Mwadzama akati "lero kulibe nyama", sakunena kuti ana agona ndi njala. Mumphika mungakhale chambo cha ku Chia kapena usipa. Apa nyama ndi mtundu wa ndiwo, ndipo ikutsutsana ndi nsomba kapena masamba. Ku butchala, wogula akadandaula kuti "mwandipatsa mafupa okhaokha", nyama ikutsutsana ndi fupa. Taonaninso kuti m'banja la Chisilamu, ndipo mabanja otere ndi ambiri ku Nkhotakota, nkhumba siwerengedwa m'gulu la nyama zodyedwa.

Pothyola khosi ndi pa mawu oti "chilombo". Brian Morris, m'buku lake la 1998 lotchedwa The Power of Animals, adaonetsa kuti Amalawi amasiyanitsa nyama ndi chilombo poyang'ana phindu ndi chiopsezo. Adalondola, komabe malire ake sakhazikika monga momwe wophunzira angafunire. Ng'ona ndi chilombo tsiku lililonse. Nanga mvuu? Ikalowa m'munda wa mpunga usiku ndi chilombo. Ikaphedwa, mudzi wonse umathamangira ndi mabeseni kukatenga nyama. M'zaka za 2016 ndi 2017 bungwe la African Parks lidasamutsa njovu pafupifupi 500 kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete kupita kunkhalango ya Nkhotakota. Mlendo wodzajambula adati zabwera nyama. Mlimi wa chinangwa wa m'mphepete mwa nkhalangoyo adaona zilombo. Choncho mlembi akasankha limodzi mwa mawu awiriwa, watiululira kale mbali imene mpangankhani wake waima, ndipo woyankha funso ayenera kutchula zimenezi.

Nthano ya Kaphirintiwa imafotokoza gwero la kutsutsana kwina. Poyamba Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere. Munthu atapeka moto, tchire lidayaka. Nyama zambiri zidathawa zili ndi mkwiyo, koma galu ndi mbuzi adathawira kwa munthu. Kuyambira pamenepo pali nyama zakutchire ndi ziweto. Ubwino wa nthanoyi ndi woti simunamizira chilombo: woyambitsa udani ndi munthu. Ophunzira ambiri amalemba kuti phunzo lake ndi "chiyambi cha moto" basi. Kutero n'kusiya mnofu n'kutola chikopa. Chiweto nachonso chitetezo chake n'chosakhalitsa, pakuti mbuzi imakhala chiweto kufikira tsiku la ukwati kapena la sadaka.

M'nthano za Kalulu zinthu zimatembenuka. Nyama zikamakumba chitsime m'chaka cha chilala, Kalulu n'kukana kugwira ntchito koma n'kumaba madzi, nyamazo ndi ife tomwe: mfumu, nduna, alonda ndi mlesi wochenjera. Nsinjiro imeneyi ndi umunthu, ndipo apa kulemba kuti nyama ikutsutsana ndi munthu n'kuphonya nthano yonse. Ku Gule Wamkulu nako, wovina amatchedwa chilombo, koma dzinali ndi laulemu ndi mantha, osati chipongwe. Likhala chipongwe pamene mlakatuli atchula mwamuna womenya mkazi wake kuti chilombo, pakuti wamuchotsa m'gulu la anthu.

Ntchito: Msodzi akuuza mnzake kuti, "Achimwene, musaponye khoka pamenepo, pali nyama." Fotokozani chimene msodziyo waona ndi chifukwa chake wapewa kuchitchula dzina. (Malikisi 4)