Chilemba, mlamba wa m'bwalo la nkhonya

Msodzi aliyense wa pa nyanja ya Chiuta amadziwa kuti mlamba sugwirika ndi manja wamba. Ukaufinya umapulumuka, ukaumbwandira mwaphuma minga yake imakubaya. Ndimakumbuka nsomba imeneyi ndikamaonera nkhonya zakale za Isaac Chilemba m'kanyumba ka vidiyo pamsika, jenereta ikulira kuseri. Anyamata amene alipira pakhomo amafuna kuona munthu akugwa chagada, ndiye ikamafika ndime yachinayi ena amayamba kung'ung'udza kuti mkuluyu akungothawa. Ine ndikuti sathawa.

Chilemba anabadwira ku Blantyre mu 1987, koma dzina anakapangira ku Johannesburg. Anayamba kumveka pa sikelo ya super middleweight, ya makilogalamu 76, pomwe anatenga lamba wa IBO mu 2010, asanakhazikike ku light heavyweight, ya makilogalamu 79, komwe kunali zilombo zenizeni.

Luso lake lili m'mapazi ndi m'chiuno. Taonetsetsani mnzake akaponya dzanja lamanja. Chilemba sadumphira kutali. Amangobweza thupi pang'ono, chibwano chitabisala kuseri kwa phewa, chibakera n'kudutsa pafupi ndi khutu ngati mphepo. Woponyayo asanabweze mkono wake, dzanja lamanzere la Chilemba lamugogoda kale pamphuno, ndipo mwiniwake wasunthira kumbali. Zikathina pa zingwe amamukumbatira mdaniyo, woyimbira n'kuwalekanitsa, nkhondo n'kuyambiranso pakati pomwe iye amapuma bwino. Munthu wamphamvu akamenya mphepo kakhumi amatopa, ndipo amayamba kukayika asanaponye. Kukayika kumeneko ndiko Chilemba amasaka.

Umboni wake ndi wa pa 11 July 2016 ku Yekaterinburg, ku Russia. Sergey Kovalev anali ndi malamba atatu, WBA, IBF ndi WBO, ndipo ambiri amene ankakumana naye sankamva belu lomaliza. Anamugwetsadi Chilemba m'ndime yachisanu ndi chiwiri. Mnyamata wa ku Blantyre anadzuka, anamaliza ndime zonse 12, ndipo kangapo konse anachititsa katswiri uja kuoneka ngati wophunzira, pamaso pa anthu akwawo. Mu 2018 anapiriranso ndime 12 ndi Dmitry Bivol ku Atlantic City. Ngakhale pomwe anasiyira panjira, polimbana ndi Oleksandr Gvozdyk mu 2016, chinamukhazika pansi ndi chigongono chovulala.

Koma tisabise mawu. Nkhondo zonsezi analuza. Oweruza amawerenga nkhonya zimene zafika, sawerenga zimene walewa. Chibakera cha Chilemba chinalibe ululu woti mdani achite mantha kulowa, komanso ankachedwa kutentha, ndime zoyamba n'kuzipereka ngati mphatso. Ku Liverpool mu March 2013 anamuzunguza mutu Tony Bellew m'ndime zapakati, koma oweruza anati alepherana. Pobwereza ku London mu May chaka chomwecho, Bellew anapambana. Munthu womenyera kwa eni nthawi zonse, monga ankachitira iye, sayenera kusiya ndime yokayikitsa m'manja mwa oweruza. Apa ndiye pamene ndimamudandaula, chifukwa tsiku limene anatsegula manja, monga anachitira ndi Vasily Lepikhin ku Montreal mu 2015, panalibe wotsutsa.

Kuno kwathu, kuchokera ku Chiuta mpaka ku boma la Mecanhelas, mnyamata wofuna nkhonya amapachika thumba la mchenga pa mtengo wa mango n'kumalikhoma mpaka zala kutupa. Thumbalo silibwezera, ndiye siliphunzitsa kulewa. Achimwene, mukadzalowanso m'kanyumba ka vidiyo kaja, pemphani akuikireni ya Kovalev, ndipo ndime zitatu zoyamba musayang'ane magolovesi. Yang'anani mapazi.