Mphamvu za Superman m'Maiko Ena: Funso Limene Mtsutso wa Owerenga Umaphimba

Pakati pa anthu okonda mabuku a makatuni a ku America pali mtsutso umene sutha: mwa a Superman osiyanasiyana amene alembi akhala akuwaika m'maiko ongopeka ofanana ndi dziko lenileni, wamphamvu koposa ndi uti? Mbali iliyonse imabwera ndi umboni wake, tsamba lakuti ndi chithunzi chakuti, monga mboni pa mlandu wa malire a munda. Mlanduwu sugamulika, ndipo chifukwa chimene sugamulikira n'chofunika kwa wophunzira zolembedwa. Nkhani ino ikuunika mabuku atatu, Superman: Red Son (2003), Kingdom Come (1996) ndi All-Star Superman (2005–2008), pofuna kuonetsa kuti chimene mabukuwa amayesa n'chimene chimaletsa wamphamvu kuchita zofuna zake.

Mphamvu za mtengambaliyu sizinakhalepo ndi muyeso umodzi. Pamene Jerry Siegel ndi Joe Shuster anamuonetsa koyamba mu Action Comics mu 1938, Superman sankauluka. Ankangolumpha mtunda wa mamita pafupifupi 200 ndi kuthamanga kuposa sitima yapamtunda. Anayamba kuuluka m'zaka za m'ma 1940, ndipo pofika m'ma 1960 ankakankha mapulaneti. Apa alembi anadzitchera okha msampha, pakuti munthu amene palibe chomulaka ndi wovuta kumulembera nkhani yogwira mtima. N'chifukwa chake Dennis O'Neil anamuchepetsera mphamvu mu 1971, ndipo John Byrne anachitanso chimodzimodzi mu 1986. M'chaka chomwecho Frank Miller, m'buku la The Dark Knight Returns, analola Batman, munthu wamba wodalira nzeru ndi zida, kugwetsa Superman pansi, monga Kalulu amachitira ndi Njovu m'nthano. Mphamvu zimakwera ndi kutsika malinga ndi zosowa za mlembi, choncho kuziyerekeza ndi kuyeza madzi ndi dengu.

Ganizo la maiko ambiri okhala moyandikana linakhazikika mu 1961, pamene Gardner Fox ndi Carmine Infantino anakumanitsa a Flash awiri a mibadwo yosiyana m'magazini ya The Flash nambala 123. Phindu la ganizoli limamveka bwino poganizira zimene Umberto Eco analemba m'buku lake la 1964, Apocalittici e integrati. Iye anaona kuti Superman wa mwezi ndi mwezi saloledwa kukalamba kapena kusintha dziko. Chiphona chotha kuthetsa njala chimatha masiku chikugwira akuba a m'tauni imodzi, chifukwa chikachita zoposa pamenepo nkhani ingathe. Dziko lina limamasula mlembi ku lamulo limeneli. Kumeneko mtengambali angakalambe, angalamule, angafe, ndipo zotsatira za mphamvu zake zimaoneka mpaka kumapeto.

Mu Red Son, Mark Millar anasintha chinthu chimodzi chokha. Chombo chonyamula khandalo chinagwa pa munda wa boma ku Ukraine m'malo mwa ku Kansas. Thupi ndi lomwelo, dzuwa lomupatsa nyonga ndi lomwelo, ngakhalenso mtima wofuna kuthandiza anthu ndi womwewo. Paja akuluakulu amati m'mera mpoyamba. Superman ameneyu akukula mu ulamuliro wa Stalin, ndipo Stalin atamwalira iye akutenga mpando chifukwa chomvera chisoni anthu ovutika ndi njala. Akuthetsa umphawi ndi umbanda, maiko ambiri akulowa pansi pa ulamuliro wake, koma amene akumutsutsa akuchitidwa opaleshoni ya ubongo kuti akhale omvera. Luso la Millar lagona pa kukana kumusandutsa chilombo. Wolamulirayu amakonda anthu ake, ndipo chikondi chakecho ndicho chikuwalanda ufulu. Owerenga a m'chigawo chino, kumene maiko angapo anadutsa mu ulamuliro wa chipani chimodzi, sangavutike kuzindikira mtsogoleri wodzitcha tate wa onse. Pachimake pa nkhani, asilikali onse otumidwa ndi Lex Luthor akulephera. Chimene chikumugwetsa ndi kalata ya chiganizo chimodzi, yomukumbutsa kuti walichita dziko lonse zomwe Brainiac anachitira mzinda wa Stalingrad pousandutsa kanthu kakang'ono kosungidwa m'botolo.

Kingdom Come ya Mark Waid ndi Alex Ross ikusintha msinkhu. Superman wa m'bukuli ndi wa imvi, ndipo wamwa kuwala kwa dzuwa kwa zaka zambiri kotero kuti mwala wa kryptonite sukumuopsanso monga kale. Owerenga ambiri amamuika pamwamba pa anzake chifukwa cha zimenezi, komabe bukuli ndi mbiri ya kulephera kwake. Anathawa anthu kwa zaka khumi atakhumudwa kuti iwo anayamikira Magog, amene anapha Joker. Atabwerera, akumanga ndende yaikulu yotsekeramo ziphona zachinyamata zosamvera, ndipo ndendeyo ikubala nkhondo imene ikutha ndi bomba la nyukiliya. Atakwiya, Superman akupita ku likulu la United Nations kuti akagwetsere denga pa atsogoleri a maiko. Womuletsa ndi Norman McCay, m'busa wokalamba amene alibe chida china kupatula mawu. Zithunzi za Ross, zopentedwa ngati za anthu enieni, zimathandiza kwambiri pano, pakuti diso limaona kukula kwa chifuwa cha chiphona pamodzi ndi kutopa kwa nkhope yake.

Mabuku awiriwa akugwirizana pa mfundo imodzi, ndipo pa mfundo yomweyo ndi pamene pali chofooka chawo. Kalata ya Luthor ndi mawu a McCay zikugwira ntchito chifukwa chakuti Superman ali ndi chikumbumtima. Palibe bwalo la milandu, nyumba ya malamulo kapena khamu la anthu limene likumuimitsa. Anthu wamba amaoneka ngati gulu loyang'ana kumwamba kudikira chigamulo. Wamphamvu akuleka pamene wafuna kuleka, ndipo owerenga akupemphedwa kukhutira ndi mwayi wakuti anabadwa wabwino. Nkhani ya Injustice, imene inatuluka mu 2013 monga masewera a pakompyuta komanso mabuku olembedwa ndi Tom Taylor, ikuvumbula mapeto a kaganizidwe kotere. Superman amene wataya mkazi wake akusanduka wopondereza, ndipo m'masewerawo mankhwala ake ndi kuitana Superman wina wochokera ku dziko lina kuti adzamugonjetse. Wabwinoyo akupambana, koma funso la chimene anthu angachite paokha latsala losayankhidwa.

All-Star Superman ya Grant Morrison ndi Frank Quitely, imene ili kunja kwa mndandanda wa nkhani za mwezi ndi mwezi, ikuyandikira yankho. Bukuli likupatsa okonda mtsutso nambala imene amaifuna: Superman akukankha ndi dzanja limodzi matani ochuluka ngati 2 wotsatiridwa ndi maziro 20. Koma nambalayo ikubwera pamodzi ndi uthenga wa imfa, popeza kuwala kwa dzuwa kumene kwamuwonjezera mphamvu ndiko kukuwononga thupi lake. Morrison akuika kukula kwa mphamvu koyambirira kuti nkhani yotsalayo ikhale ya munthu wokonza za masiku ake omaliza. Tsamba lotchuka kwambiri la m'bukuli, m'gawo la 10, likuonetsa mtsikana ataima m'mphepete mwa nyumba yosanja akufuna kudziponya. Superman akutha kumugwira m'mwamba mosavuta, koma akuima kumbuyo kwake, akumuyankhula, ndipo mtsikanayo akutembenuka yekha n'kumukumbatira. Quitely akujambula zimenezi popanda nkhonya kapena phokoso. Chigamulo chasiyidwa m'manja mwa wofooka, chinthu chimene Superman wa Red Son anatenga zaka zambiri asanachiphunzire.

Kuyerekeza a Superman amenewa kuli ndi phindu ngati muyeso wake wasankhidwa bwino. Matani ndi liwiro ndi zinthu zimene mlembi aliyense angawonjezere ndi cholembera, ndipo wolemba mawa angapose wa lero popanda kutuluka thukuta. Chovuta kulemba, chimene chimasiyanitsa buku lolimba ndi lofooka, ndi nthawi imene mtengambali wotha kuchita chilichonse akusankha kusachita. Poyeza ndi muyeso umenewu, Red Son imafunsa funso lakuthwa koposa, Kingdom Come imaonetsa bwino mtengo wa kulakwitsa kwa wamphamvu, ndipo All-Star Superman ndi yokhayo imene imapereka mpata, ngakhale wa tsamba limodzi, kuti munthu wamba adzisankhire yekha chochita pamaso pa chiphona.