Bakha wa Prokofiev ndi bodza la Bernstein

Kudzaza holo ndi ana asukulu sikuvuta, mabasi amawatuta. Ntchito yagona pa kuwatchereketsa khutu ku gulu la okestra, nyimbo zake zazitali komanso zopanda mawu.

Sergei Prokofiev anawakopa ndi nthano. Mu 1936 Natalya Sats, mkulu wa bwalo la zisudzo za ana ku Moscow, anamupempha nyimbo yoti ana adziwirepo zida zoimbira, ndipo iye analemba "Peter and the Wolf". Aliyense m'nthanoyo ali ndi chida chake. Mbalame ndi chitoliro, agogo ong'ung'udza ndi bassoon, mmbulu ndi malipenga atatu, ndipo mfuti za alenje ndi ng'oma. Luso lake likuoneka pa mphaka: clarinet imalira mawu apansi, oduladula, moti umachita kumuona akunyang'ama m'udzu. Bakha ndi oboe yolira m'mphuno. Mmbulu umamumeza wamoyo, koma kumapeto oboe ija imamvekanso chapansipansi, bakha akulira m'mimba. Mwana amene waizindikira pamenepo ndiye kuti waigwira oboe ndi khutu lake, popanda womuphunzitsa.

Komabe nthano ili ndi msampha. Mwana akazolowera, nyimbo iliyonse amaifunsa kuti mmbulu uli pati, ndipo akausowa amayamba kuyasamula. Leonard Bernstein analiona vutoli. Pa konsati yake yoyamba ya ana ndi New York Philharmonic, ku Carnegie Hall mu 1958, anawasimbira nkhani ya Superman akupulumutsa munthu m'ndende, oimba n'kumaimba zogwirizana ndi nkhaniyo. Ana atakhulupirira, anaulula kuti wawanamiza: nyimboyo inali ya Richard Strauss, yonena za Don Quixote. Nkhani ziwiri zosiyana zinakwanira bwinobwino m'nyimbo imodzi, choncho kukoma kwake sikunali m'nkhani. Makonsati otere anachititsa 53 mpaka 1972, ndipo ankaonetsedwa pa wailesi yakanema ya CBS.

Otsogolera ambiri otengera Bernstein anangotolako kulankhula, nzeru yake n'kuisiya. Amafotokoza mpaka ana atatopa, kenako n'kuimba kachidutswa ka nyimbo ngati akulawitsa ndiwo za eni. Ena amachita nthabwala zachibwana poganiza kuti mwana sangapirire nyimbo yathunthu. Kumeneko n'kumupeputsa mwana.

Kwa ine, amene anadziwa polekezera mawu ndi Benjamin Britten. "The Young Person's Guide to the Orchestra" anailemba mu 1945 kuti ikhale m'filimu yophunzitsira ana. Anabwereka kanyimbo ka Henry Purcell n'kukapereka ku gulu lonse, kenako ku banja lililonse la zida, ndiyeno chida chilichonse n'kukasintha mwa njira yakeyake. Wofotokoza amangochidziwitsa chida m'mawu ochepa n'kuchipatsa mpata. Akamaliza kuliphwasula gululo, Britten amalimanganso: kachitoliro kakang'ono ka piccolo kamayamba kuthamanga, zina n'kumalowa chimodzichimodzi m'ndondomeko imene ana anazimvera poyamba, mpaka malipenga atabweretsanso nyimbo ya Purcell pang'onopang'ono pamwamba pa liwiro lonselo. Apa wofotokoza amakhala atatseka kale pakamwa. Magulu ambiri amaiimba nyimboyi popanda wofotokoza n'komwe, ngakhale pa makonsati a akuluakulu.